Mpando wa ndale usagulidwe ndi thukuta la mkazi wako

Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 27, ndili pa chikamwini m'boma la Dedza, ndipo tili ndi ana awiri. Ndakhala ndikutumikira chipani china monga mtsogoleri wa achinyamata, kufikira ndidaganiza zopikisana nawo pa ukhansala. Ndidazungulira midzi yonse pa njinga, ndidagula zitenje za chipani, ndidadyetsa anyamata ondiperekeza, ndipo ndalama zitachepa ndidatengako zimene mkazi wanga adalandira ku banki m'khonde, nkugulitsanso mbuzi ziwiri. Pa chisankho cha chipulula akuluakulu a chipani adakondera munthu wachuma wochokera m'tauni, ine nkugwa. Lero anzanga aja andithawa, apongozi akundiimba pa mtondo, ndipo amalume a mkazi wanga akuti ndisiye ndale kapena ndione msana wa njira. Kodi nkulakwa kufuna kutumikira anthu? Ndipirire, kapena nditenge banja langa tichoke?

Wosweka mtima, Dedza.

Mwana wanga,

Kalata yako ndaiwerenga kawiri, ndipo ngakhale wadzaza pepala ndi madandaulo a akuluakulu amene adakupondereza, a anzako amene akuthawa ndi a apongozi amene akukuimba, maso anga aima pa liwu limodzi limene walidutsa mothamanga monga munthu wodutsa pamanda usiku, liwu lakuti "ndidatengako." Sudanene kuti udapempha, sudanene kuti udabwereka, ndipo m'kalata imene aliyense ali ndi pakamwa, mkazi wako yekha ndiye alibe mawu. Ndalama za banki m'khonde ndikudziwa m'mene zimabadwira: ndi zija mayi amasonkha sabata ndi sabata, atakazinga mandasi m'bandakucha kapena atapsa ndi dzuwa pamsika wa tomato, akudzimana sopo ndi mafuta odzola, kuti tsiku logawana likafika agule feteleza ndi kuveka ana. Za mbuzi ziwirizo ndingokufunsa, popeza uli pa chikamwini: zidatuluka m'khola la yani?

Tsono apongozi ako usawayese adani, pakuti mayi amene waona thukuta la mwana wake litasanduka zitenje zovala anthu a midzi ina, akakhala chete ndiye kuti alibe mtima wa ukholo. Amalume nawonso sadalumphe malire, chifukwa iwo ndiwo mwinimbumba, ndipo ana ako awiriwo akagona ndi njala mlandu umayamba kufika pakhomo pawo. Maganizo otenga banja nkuchoka ndikuwatcha dzina lake lenileni, ndiko kunyada kwa munthu amene akufuna kuthawa maso a anthu omudziwa. Chitengwa chimapemphedwa mwaulemu ndi mkamwini amene wadzaza nkhokwe, ndipo sichidakhalepo phanga lobisalamo wangongole.

Wafunsa ngati nkulakwa kuti wachinyamata alowe ndale, ndipo ndikuyankha mosapsatira kuti sikulakwa, pakuti dziko lino lidaomboledwa ndi anyamata a msinkhu wako. Pamene Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume ankalowa m'nyumba ya malamulo ya atsamunda mu 1956, onse awiri adali asanakwanitse zaka 30. Koma taona mtengo umene adalipira: Chipembere adalawa ndende mu 1959, ndipo atasemphana ndi Kamuzu mu 1964 adatsirizira moyo wake ku America mu 1975, osapondanso nthaka ya kwawo, pamene Chiume adakhala kunja zaka 30, kufikira mu 1994. Ngakhale m'masiku a ufulu wa zipani zambiri, pa zionetsero zimene zidayamba pa 20 Julaye 2011 anthu pafupifupi 20 adataya miyoyo, ndipo miyezi iwiri itapita wophunzira wa ku Polytechnic, Robert Chasowa, amene ankadzudzula boma, adapezeka atafa pasukulu pomwepo. Walira mvula walira matope, ndipo wolowa ndale adziwiretu kuti adzataya tulo, mabwenzi, ntchito, mwinanso ufulu wake. Komabe mtengo umene umalemekezeka ndi uja munthu amalipira ndi khungu lake, atausankha yekha maso ali kuona. Ukaulipira ndi za mnzako amene sudamfunse, nsembe yako yasanduka cholanda.

Pali chinanso chimene uyenera kuchimva, ngakhale chikhale chowawa ngati mankhwala a malungo. Ukudandaula kuti wachuma adakugonjetsa ndi ndalama, koma iwenso udalowa msika womwewo, kungoti thumba lako lidali laling'ono. Lamulo la zipani la 2018 lidaletsa kugawa ndalama ndi mphatso pofuna kunyengerera ovota, ndipo lamulolo, likadatsatidwa, likadateteza anthu onga iwe, amene chuma chawo ndi miyendo, lilime ndi mbiri yabwino. Posiya zida zakozo nkuyamba kupikisana pa zitenje, udachita monga Davide akadakana miyala yake nkuumirira chovala cholemera cha Sauli. Anyamata aja usawalire, pakuti adali a mbale, ndipo mbale itauma adalondola kumene kukufuka utsi.

Chita izi tsono, ndipo uzichite mwa dongosolo lake. Yamba ndi mkazi wako, muli awiri m'nyumba, umuuze kuti udamlakwira, osaphatikizapo mawu odziikira kumbuyo. Ukatero itana ankhoswe a mbali zonse, mukhale pansi pamaso pa amalume, utchule ndalama zonse ndi mtengo wa mbuzi zija, nulonjeze m'mene udzabwezere, kaya ndi ganyu, kaya ndi dimba la mbatata ya kachewere imene Dedza amadziwika nayo. Pakuti pepani sapoletsa chilonda, ndipo nyimbo ya pa mtondo idzaleka tsiku limene mbuzi idzalire m'khola muja. Ndale usazisiye, koma uziyambe pamene zimayambira. Komiti ya chitukuko cha m'mudzi, komiti ya sukulu ndi komiti ya mjigo sizifuna chitenje cha munthu, ndipo amene wakhala zaka zisanu akulondola simenti ya mlatho kuti isabedwe, nalemba bwino kaundula wa ndalama za mjigo, anthu amamdziwa popanda womuimbira nyimbo. Nthawi ya chisankho ikadzafikanso, uchite monga womanga nsanja wa m'fanizo la Ambuye, amene amayamba wakhala pansi kuwerengera. Koma powerengerapo mkazi wako akhale pambali pako, ndipo akati "apa pokha ayi," pamenepo pakhale malire. Chipani chikadzakukananso, khomo loima pawekha nlotsekula.

Ndipo kwa inu nonse ana anga amene mukuwerenga, inu amene mumadzola utoto wa chipani thupi lonse, kukwera malole ndi kugenda anzanu chifukwa cha kandalama kogula mowa wa tsiku limodzi, kumbukirani Apayoniya. Adali ndi mayunifolomu, mfuti ndi mphamvu zoopsa, koma mu Disembala 1993, asilikali atawalanda zida, ambiri adathawira m'tchire la ku Mozambique, ndipo amene ankawatuma sadagone nawo kutchireko. Malamulo a dziko lino amakulolani kuvota pa zaka 18 ndi kuimira uphungu pa zaka 21. Ukulu umenewu musaugulitse monga Esau adagulitsira wake ndi mbale ya mphodza. Inunso makolo ndi apongozi, mwana akaonetsa mtima wotumikira mudzi musamtseke pakamwa, koma mumfunse poyera kuti adzalipira ndi chiyani.

Pita ukabweze ndalama za mkazi wako, mwana wanga, pakuti amene walephera kukhulupirika pa thumba la m'nyumba mwake, sitingamsungitse thumba la chitukuko cha dera lonse.

Ndine Azakhali ako.