Ndikhazikike mbali iti ya unamwino?

Funso: Ndangomaliza maphunziro a unamwino ndi uzamba. Anzanga asankha kale, wina akufuna ku ICU (chipinda cha odwala mwakayakaya), wina kwa ana, koma ine mtima uli pawiri. Kodi ndachedwa?
Namwino watsopano, Ntcheu

Yankho: Simunachedwe, mwana wanga. Yambani mwakhoza mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi, chifukwa popanda chiphaso chawo simuloledwa kugwira ntchitoyi.

Kenako zungulirani mawodi kwa chaka kapena ziwiri. Akakutumizani ku chipatala chaching'ono chakumudzi, musadandaule. Kumeneko namwino mmodzi amabereketsa mayi usiku, m'mawa n'kukhala pa sikelo ya ana, masana n'kupereka ma ARV, dokotala ali kutali. Manja amakhwima msanga, ndipo mudzadziwa ntchito imene mumaweruka mutatopa koma mukufunitsitsa kubwererako mawa. Imeneyo ndiyo yanu.

ICU imafuna munthu wosatekeseka wodwala akasintha mwadzidzidzi, ndipo imapezeka makamaka m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ndi Kamuzu Central. Ine mbali imene imandikhudza ndi ya matenda a maganizo. Odwala ndi ochuluka, anamwino odziwa ndi ochepa, komabe achinyamata amaithawa poopa kunyozedwa. Koleji ya St John of God ku Mzuzu imaphunzitsa zimenezi. Mukafuna digiri yachiwiri ya uzamba kapena ya umoyo wa ana, ku yunivesite ya KUHeS ilipo.

Musasankhe potsatira anzanu. Pitani kwa metironi wanu, mupemphe kuti azikusinthani mawodi.