Kamera Yodula Kapena Luso: Phunziro la pa Chithunzi cha Agogo

Anzanga, nthawi ya buleki ndimamva ambiri akunena kuti, "Ine n'kanakhala ndi iPhone bwenzi zithunzi zanga zikukongola." Nanenso ndinkaganiza choncho. Koma chaka chatha kunachitika zinthu kwathu zomwe zinandisintha maganizo, n'chifukwa chake ndalemba phunziroli.

Pa Khirisimasi achimwene anga a kwa amalume anabwera kuchokera ku Joni ndi foni yodula, ya makamera atatu kumbuyo. Anatiimika tonse pabwalo masana dzuwa lili paliwombo, agogo ali pakati, n'kutijambula kambirimbiri. Titaziona, nkhope zinali mdima okhaokha, maso titatsinzina, ndipo mtengo wa papaya unkaoneka ngati wamera pamutu pa agogo. Mawa lake m'mawa ndinatenga kafoni ka amayi ka Itel kong'aluka galasi. Agogo anali pakhonde akupeta mphale, dzuwa likungotuluka n'kumawawalira kumbali. Ndinagwada pafupi, n'kudikira mpaka atadzutsa mutu kuseka nkhuku yomwe inkawabera. Ndinajambula kamodzi basi.

Agogo anatisiya mwezi wa Malichi. Pomwe banja linkafuna chithunzi choti chitsukidwe ku Limbe, linasankha cha kafoni kong'aluka kaja. Ndicho chili pakhoma kwathu lero, ndipo palibe mwayi wina wowajambulanso.

Nkhani ngati imeneyi si yachilendo. Tonse timadziwa kuti amishoni a UMCA anafika kuno ku Magomero mu 1861 motsogozedwa ndi Bishopu Charles Mackenzie, ataperekezedwa ndi David Livingstone. Pa ulendo wa Livingstone wa ku Zambezi, womwe unayamba mu 1858, ntchito yojambula inapatsidwa kwa mng'ono wake, Charles Livingstone, ndipo anatenga zida zake zonse. Koma zithunzi zake zambiri sizinatheke. Zomwe anthu amaziona mpaka lero ndi za John Kirk, dokotala komanso katswiri wa zomera, yemwe ankajambula mongokonda chabe pogwiritsa ntchito mapepala opaka phula. Njira yakeyo ankaidziwa bwino ndipo inkapirira kutentha kwa kuno.

Palinso Mungo Murray Chisuse, Mmalawi yemwe ankagwira ntchito yosindikiza mabuku ku mishoni ya Blantyre. Iyeyu ndi mmodzi mwa Amalawi oyamba kujambula zithunzi, ndipo anajambula John Chilembwe wa ku PIM ndi banja lake nkhondo ya mu 1915 isanachitike. Kamera za nthawi imeneyo zinkachepa mphamvu kuyerekeza ndi foni yotchipa ya pa Namadzi, komabe nkhope ya Chilembwe, yomwe timaiona pa K500 ndi pa K2,000, timaidziwa chifukwa cha zithunzi zakalezo.

Ndiye luso limeneli ndi chiyani kwenikweni? Nazi mfundo zisanu zomwe ndaziyesa ndekha.

1. Yang'anani kuwala kaye. Kamera simaona munthu, imaona kuwala komwe kwagwera pa munthuyo. Nthawi yabwino ndi m'mawa dzuwa likangotuluka kapena madzulo likamapendeka. Masana dzuwa limachokera pamwamba, ndiye maso amalowa mumthunzi. Ngati mukukakamizika kujambula masana, muimikeni munthuyo pakhonde kapena pansi pa mtengo wa mango, nkhope ikuyang'ana komwe kukuwala. Dzuwa likakhala kumbuyo kwake, mujambula chithunzithunzi chakuda basi.

2. Pukutani diso la kamera. Foni imakhala m'thumba, timaigwira titadya mandasi kapena chiwaya. Mafutawo ndi omwe amachititsa chithunzi kuoneka ngati muli nkhungu. Kansalu kofewa n'kokwanira, ndipo sikafuna ndalama.

3. Yendani ndi miyendo, musadalire zoom. Pa mafoni ambiri otchipa, mukakoka chithunzi ndi zala, foni imangodula mbali n'kukulitsa chotsalacho, ndiye chimaphwanyika. Sunthirani pafupi. Mukamajambula mwana kapena munthu wokhala pansi, gwadani kuti kamera ifanane ndi maso ake.

4. Onani zomwe zili kumbuyo. Musanadine, yendetsani maso m'makona onse anayi. Kodi muli chimbudzi, chingwe cha zovala kapena mtengo womera pamutu pa munthu? Kusuntha phazi limodzi kumakonza zonsezi. Komanso si lamulo kuti munthu azikhala pakatikati. Ganizirani kuti chithunzi chagawidwa patatu, muike munthuyo chakumbali, kwinako kuoneke phiri la Chiradzulu kapena munda wa nandolo.

5. Limbitsani manja, dekhani. Gwirani foni ndi manja awiri, zigongono zitagunda nthiti, ndipo musapume podina. Kuwala kukachepa, kamera imatenga nthawi yotalikirapo kuti ijambule, ndiye kunjenjemera pang'ono kumaononga zonse. Kenako dikirani. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndikanapupuluma, kuseka kwa agogo kuja sindikanakupeza.

Tsono ndisakunamizeni, aise. Pali pomwe kamera yodula imapambana. Ndinayesa kujambula mpira wa sukulu yathu ndili kunja kwa bwalo, osewera anangooneka ngati nyerere. Usiku pa chinkhoswe, kafoni kanga kamangotulutsa mchenga. Pa zinthu zothamanga, zakutali ndi zamumdima, chida chabwino chimathandiza ndithu, n'chifukwa chake ojambula a nyuzipepala amanyamula makamera a malenzi aatali. Koma kamera imeneyo mukampatsa munthu wosadziwa kuwala, abweretsa zomwe anabweretsa achimwene anga a ku Joni. Khasu latsopano silipanga mizere lokha.

Chomaliza, pemphani chilolezo. Musajambule mnzanu akugona m'kalasi n'kumutumiza pa WhatsApp kuti anthu amuseke. Munthu wopemphedwa mwaulemu amamasuka, ndipo nkhope yomasuka ndi yomwe imakongola.

Nayi ntchito ya sabata ino. Poti mafoni saloledwa pasukulu pano, chitani izi kunyumba Loweruka. Bwerekani foni iliyonse, musankhe munthu mmodzi wachikulire wa pamudzi panu. Mujambuleni 6 koloko m'mawa, 12 koloko masana ndi 5 koloko madzulo, pamalo amodzimodzi. Yerekezani zithunzi zitatuzo, Lolemba mudzandiuze pano pa bolodi chomwe chakongola. Chithunzi chabwinocho musachifufute. Chisungeni, ndipo mukapeza kangachepe mukachitsukitse.

Wolemba: mnzanu wa Fomu 3