Kusankha Chokwezera Galimoto cha Galaja ya Pakhomo

Galimoto yaing'ono ngati Toyota Corolla imalemera kuposa tani imodzi. Toyota Hilux imafika pafupifupi matani 2 isananyamule katundu. Munthu akalowa kunsi kwa galimoto kukasintha kalachi kapena kumanga ekizozi, kulemera konseko kumakhala pamwamba pa chifuwa chake, ndipo moyo wake umadalira chida chimene chakweza galimotoyo. Ambirife tili ndi bambo, achimwene kapena mnzathu wa kumpingo amene amakonza magalimoto kuseri kwa nyumba, ndipo ophunzira ena akulingalira zodzatsegula kagalaja kawo akamaliza maphunziro. Phunziro lino likufotokoza mfundo imodzi: chokwezera galimoto sichisankhidwa poyamba ndi mtengo. Mumayamba mwaona galimoto, ntchito, pansi pa galaja, denga ndi magetsi. Mtengo umabwera pomaliza.

Mmene chokwezera chimagwirira ntchito

Zokwezera zambiri, kuyambira jeke ya m'manja mpaka makina aakulu a m'magalaja, zimagwiritsa ntchito mafuta opanikizidwa. Lamulo lake analifotokoza ndi Blaise Pascal, katswiri wa ku France wa m'zaka za m'ma 1600. Iye anaonetsa kuti mukapanikiza madzi kapena mafuta otsekeredwa, kupanikizako kumafika mofanana mbali zonse. Tiyerekeze kuti pisitoni yaikulu ili ndi nkhope yoposa ya pisitoni yaing'ono maulendo 100. Mukakankha yaing'onoyo ndi mphamvu ya makilogalamu 10, yaikulu imanyamula makilogalamu 1,000. N'chifukwa chake dzanja limodzi limatha kukweza galimoto, ngakhale kuti muyenera kupopa kambirimbiri kuti ikwere pang'ono chabe.

Koma apa pali chenjezo. Chimene chikugwira mafutawo ndi timalabala ndi mapaipi. Kalabala kamodzi kakang'ambika, mafuta amathawa ndipo galimoto imatsika. Ntchito ya mafuta ndi kukweza basi. Kugwira galimoto ili m'mwamba ndi ntchito ya chitsulo: maloko a chokwezera, kapena masitandi ngati mukugwiritsa ntchito jeke. Musalowe kunsi kwa galimoto imene yatsamira pa jeke yokha. Njerwa ndi mabuloko a simenti nazonso si masitandi, chifukwa zimaphwanyika mwadzidzidzi popanda kuchenjeza.

Mitundu imene mungasankhepo

Jeke ndi masitandi. Iyi ndi njira yotchipa kwambiri ndipo sifuna magetsi. Imakwanira posintha mabuleki, mafuta a injini ndi matayala. Vuto lake ndi lakuti mumagwira ntchito chogona chagada.

Dzenje. Makaniko ambiri amakumba dzenje lomangira njerwa, galimoto n'kuima pamwamba pake. Silifuna magetsi kapena denga lalitali. Komabe matayala amakhala adakali pansi, madzi amalowamo nyengo ya dzinja, ndipo mpweya wa petulo, umene ndi wolemera kuposa mpweya wamba, umatsikira m'dzenjemo n'kudikira kamoto kakang'ono. Pakhomo pamene pali ana, dzenje liyenera kuvundikiridwa ndi matabwa olimba nthawi zonse.

Chokwezera cha mizati iwiri. Chili ndi mikono inayi imene imagwira galimoto kunsi kwa thupi lake, matayala onse n'kulendewera. Ndi chabwino pa ntchito ya mabuleki, mashoko, giyabokosi ndi kalachi. Koma ndi chimene chimafuna pansi polimba kuposa zonse, ndiponso luso poika mikono.

Chokwezera cha mizati inayi. Galimoto imakwera pa njanji ziwiri ndi matayala ake. N'chokhazikika, n'chosavuta kuikapo galimoto, ndipo kulemera kumagawanika pa malo anayi. Koma chimadya malo, ndipo kuti muchotse tayala mumafunikanso jeke ina yokhala pakati pa njanjizo.

Chokwezera chopindika ngati sizasi. Zambiri za mtundu uwu zimakweza galimoto pafupifupi mita imodzi. Chimayenera galaja ya denga lalifupi ndi ntchito ya matayala ndi mabuleki, koma chimatchinga pakati pa galimoto, ndiye kutsitsa giyabokosi kumavuta.

Mafunso asanu musanatulutse ndalama

Loyamba: mudzakweza magalimoto otani? Pa chokwezera chilichonse pamakhala kachitsulo kolembapo kulemera kumene chingathe. Pa cha mizati iwiri, nambalayo muigawe panayi. Cha matani 4 chimatanthauza tani imodzi pa mkono uliwonse. Tsono galimoto silemera mofanana kutsogolo ndi kumbuyo. Tengani galimoto ya matani 3.5 imene magawo 60 pa 100 a kulemera kwake ali mbali imodzi. Mbali imeneyo ili ndi matani 2.1, kutanthauza kuti mkono uliwonse wa kumeneko wanyamula makilogalamu 1,050. Malire apyoledwa, ngakhale kuti galimoto yonse sinafike matani 4. Choncho sankhani chokwezera choposa bwino galimoto yolemera kwambiri imene mudzalandire, ndipo muzitsitsa katundu musanakweze.

Lachiwiri: ntchito yanu yambiri ndi yotani? Ngati ndi kusintha mafuta ndi mabuleki a galimoto ya pabanja, jeke yabwino ndi masitandi anayi zikukwanirani. Ngati mukufuna kupeza chakudya potsitsa magiyabokosi tsiku ndi tsiku, ganizirani za mizati iwiri.

Lachitatu: pansi panu ndi polimba bwanji? Chokwezera cha mizati iwiri chikanyamula galimoto, mizati imafuna kuweramira m'kati, ndipo mabawuti a kunja amakokedwa kuti azuke m'konkire. Opanga ambiri amafuna konkire yokhuthala masentimita 10 mpaka 20, malinga ndi mtundu wa chokwezeracho, yosang'ambika, ndiponso yoti yatha masiku osachepera 28 chiithirireni. Pansi pa nyumba zambiri ndi simenti yopyapyala yopaka pamwamba pa njerwa zoswa. Pooneka mpokongola, koma sipangagwire mabawuti otere. Boolani kabowo muyeze. Ngati mpopyapyala, gumulani ndi kuthira konkire yatsopano yokhala ndi zitsulo, motsatira buku la wopanga. Pa phula, pa dothi kapena pa njerwa zoyala, musamangepo n'komwe.

Lachinayi: denga lili patali bwanji? Kuti munthu aime chilili kunsi kwa galimoto, iyenera kukwera pafupifupi mamita 1.8. Onjezani msinkhu wa galimotoyo. Hilux ndi yaitali pafupifupi mamita 1.8, choncho pafunika mamita 3.6 kapena kuposa. Minibasi imafuna ochuluka. Yezani kufika pa phaso kapena mtanda wotsikitsitsa, osati pa malata. Siyaninso mpata wotsegulira zitseko za galimoto ndi woyendamo munthu mbali zonse.

Lachisanu: magetsi anu ndi otani? M'nyumba zambiri ku Malawi muno mumalowa magetsi a gawo limodzi a mavoti 230. Zokwezera zambiri za m'magalaja aakulu zimayendera magetsi a magawo atatu a mavoti 400, amene pakhomo wamba palibe. Werengani kachitsulo ka pa mota musanagule. Funsaninso za kuzima kwa magetsi. Pa zokwezera zambiri, kuti mutsitse galimoto muyenera kuyamba mwaikweza pang'ono kuti maloko amasuke. Magetsi akazima galimoto ili m'mwamba, imakhala komweko mpaka abwere, pokhapokha ngati muli ndi jenereta yamphamvu mokwanira kapena chokwezeracho chili ndi pampu ya pamanja.

Chogwiritsidwapo kale ntchito

Ambiri amagula chakale chifukwa chatsopano n'chodula. Si kulakwa, koma paja safunsa anadya phula. Pemphani kuti achiyatse ndi kukwezapo galimoto inu mukuona. Mvetserani maloko: pa mizati iwiri ayenera kulira pamodzi mbali zonse pamene galimoto ikukwera. Onani ngati mawaya achitsulo ayamba kuthothoka, ngati mafuta akudontha, ndiponso ngati pali malo owotcherera pa mikono kapena pa mizati. Mkono wowotcherera ndi chifukwa chokwanira chosiyira. Ngati kachitsulo kolembapo kulemera kulibe, simudziwa malire ake. Zopangidwira msika wa ku Ulaya zimakhala ndi chizindikiro cha CE, ndipo ku America bungwe la Automotive Lift Institute limaika chizindikiro chake pa zokwezera zoyesedwa. Funsaninso kumene mudzapeze timalabala ndi mawaya zikadzatha, ndipo pomanga gwiritsani ntchito mabawuti atsopano.

Chikafika pakhomo

Ikani mikono pa malo amene buku la galimotoyo likusonyeza. Kwezani mpaka matayala angosiya pansi, kenako gwedezani galimoto muone ngati yakhazikika. Mukafika pamene mukufuna, tsitsani pang'ono kuti ikhale pa maloko. Pochotsa chinthu cholemera ngati injini kapena giyabokosi, kulemera kumasamukira mbali ina, choncho chirikizani mbali zonse ndi masitandi aatali. Mukaweruka, zimitsani magetsi a chokwezera ndi kukhoma, kuti ana asachisandutse choseweretsa.

Ngati mayankho a mafunso asanu aja akusonyeza kuti pansi mpopyapyala kapena denga ndi lalifupi, musakakamize. Jeke yabwino ndi masitandi olimba pa malo osalala zimateteza kuposa chokwezera chodula chomangidwa pa simenti yofooka.

Zokambirana

1. Chokwezera cha mizati iwiri chalembedwa matani 3.2. Galimoto ikulemera matani 2.8 ndipo magawo 60 pa 100 ali kutsogolo. Kodi mkono uliwonse wa kutsogolo wanyamula makilogalamu angati? Mungaikweze?

2. Yezani galaja kapena shedi imene mukuidziwa. Ndi mtundu uti wa chokwezera umene ungayenere pamenepo, ndipo chifukwa chiyani?

3. Mwapeza munthu wamkulu kwa inu ali kunsi kwa galimoto yotsamira pa jeke ndi njerwa. Mungamuuze mawu otani mwaulemu kuti atuluke?