Phunziro: M'khutu mukamalira, ganizirani za khosi ndi nsagwada

Usiku, ana atagona, anthu ena amamva kulira m'khutu ngati nyenje. Akafunsa amene agona naye pafupi, iye sakumva kanthu. Kumudzi timati, "Wina akukunena." Kukalira kamphindi n'kusiya, palibe chodandaulitsa. Koma kukatha masabata, dziwani kuti pali chimene chikuchititsa.

Kawirikawiri vuto limakhala m'khutu momwemo. Ukalamba, phokoso la chigayo, litsiro lotseka khutu, ndi mankhwala monga kwinini, zonsezi zimaliza makutu. Koma nthawi zina gwero lake ndi khosi kapena nsagwada.

Tayesani pompano. Ikani chala kutsogolo kwa khutu, kenaka yasamulani. Chimene chikuyendacho ndi mfundo ya nsagwada. Mwaona mmene yayandikirana ndi khutu? Mitsempha yochokera kunsagwada ndi kumtunda kwa khosi imakakumana ndi mtsempha wa khutu kutsinde kwa ubongo, ngati tinjira titatu tokumana pamphambano. Minofu ya khosi ikakungika, kapena nsagwada ikamapweteka, uthenga wake umasokoneza uthenga wa khutu. Ubongo umayamba kumva phokoso limene kunja kulibe.

Taganizani za mayi wa kuno ku Lundazi amene amasenza chigubu cha malita 20 kuchokera kumjigo. Amenewo ndi makilogalamu 20 pamutu, m'mawa ndi madzulo, chaka ndi chaka. Nkhata imateteza mutu, koma katundu yense amatsikira m'khosi. Chimodzimodzi mlimi wotola thonje chowerama tsiku lonse, amene anagwa panjinga, kapena wokukuta mano kutulo.

Nanga achipatala amadziwa bwanji? Poyamba amafunsa: kunayamba liti, ndi khutu limodzi kapena onse, mukumwa mankhwala anji. Amaunika m'khutu ndi katochi ndi kuyeza BP. Kenaka angakuuzeni kuti mulumanitse mano mwamphamvu, mukankhire chibwano kutsogolo, mutembenuze mutu uku ndi uku. Amadina minofu ya khosi ndi ya m'masaya. Kulirako kukakula, kukachepa kapena kukasintha mamvekedwe, ndiye kuti mwina khosi kapena nsagwada zikukhudzidwa.

Apa tichenjere. Kusintha kwa phokosoko sikutanthauza kuti khutu lili bwino, choncho liyenera kuyezedwabe. Yambirani kukiliniki yapafupi kapena kuchipatala cha boma la Lundazi. Pakafunika kutero, adzakutumizani ku Chipata Central Hospital, mwinanso ku Lusaka, kumene zipatala za UTH ndi Beit CURE zili ndi akatswiri a makutu.

Chimene chimandimvetsa chisoni n'chakuti ambiri timangonena za khutu, za khosi lowawa n'kusiya, poganiza kuti ndi kutopa wamba. Nenani zonse. Nenani ngati nsagwada imalira "ka, ka" mukamatafuna nzimbe kapena chimanga chokazinga. Khosi ndi nsagwada zikathandizidwa, kwa ena kulirako kumachepa.

Musathire mafuta kapena madzi a masamba m'khutu, ndipo musatokosemo ndi kamtengo. Ngati phokosolo likugunda pamodzi ndi mtima, ngati khutu lagontha mwadzidzidzi, likutuluka mafinya, kapena mukuchita chizungulire, musadikire tsiku la msika. Pitani kuchipatala lero lomwe.