PHUNZIRO LA UMOYO: Utsi wa Pamoto, Cibayo ndi Ndalama za Kaboni

Phunziro la lero likunena za utsi. Anthu a kwa Mfumu Chikomeni, pafupi ndi nkhalango ya nyama ya Lukusuzi, anamva kale kuti kusunga mitengo ndi kucepetsa moto kumabweretsa ndalama za kaboni. Ambiri amafunsa kuti, "Ngati citofu cosawononga nkhuni cimateteza nkhalango, kodi cimatetezanso cifuwa ca mwana?" Aphunzitsi a m'mayunivesite anafufuza funso limeneli, ndipo yankho lao liyenera kudziwika pakhomo liri lonse.

Kodi mu utsi muli ciani?

Nkhuni, makala, zitsononkho ndi mapesi zikamayaka zimatulutsa zinthu zitatu zimene tiyenera kuzisiyanitsa.

1. Tinthu ta mwaye tating'onoting'ono. Akatswiri amatichula kuti PM2.5. Tsitsi limodzi la munthu limatiposa kunenepa pafupifupi ka 30. Mphuno imalephera kutitsekereza, cotero timalowa mpaka mkati mwa mapapo.

2. Kaboni monokisaidi. Mpweya uwu suoneka ndipo sununkha. Umalepheretsa magazi kunyamula mpweya wabwino. Ndiwo umapha anthu amene agona ndi mbaula m'nyumba yotseka nthawi ya cisanu.

3. Kaboni dayokisaidi. Uwu umakwera kumwamba, ndipo ukacuruka umawonjezera kutentha kwa dziko ndi kusokoneza nyengo.

Ziwiri zoyambazo zimadwalitsa munthu amene ali pamoto. Cacitatu ndico cimene ogula kaboni amawerengera. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena kuti m'caka ca 2020 utsi wa m'nyumba unapha anthu okwana ngati 3.2 miliyoni, ndipo mwa iwo oposa 237,000 anali ana osafika zaka 5.

Ndalama za kaboni

Mtengo ukamakula umakoka kaboni mumlengalenga ndi kuisunga m'thunthu, m'nthambi ndi m'mizu. Pafupifupi theka la kulemera kwa cikuni couma ndi kaboni. Mtengo ukatenthedwa, kaboniyo imabwerera kumwamba. Akatswiri amayeza kucuruka kwa kaboni imene yasungidwa cifukwa cakuti anthu aleka kudula ndi kutentha, ndipo malipiro amawerengedwa pa tani iri yonse.

Chikomeni linali limodzi mwa madera 9 a mafumu amene analowa m'nchito yotere pamodzi ndi bungwe la COMACO. Ena mwa maderawo ndi Zumwanda, Mwasemphangwe ndi Magodi. M'caka ca 2017 World Bank inalipira ndalama zoposa madola 800,000 a ku America pa nchito imeneyi. Izi ndi zabwino. Koma muyeso wa kaboni umaona mitengo ndi nthaka. Suona mwana amene ali kumbuyo kwa amai ace pamene akupemerera moto.

Zimene mayunivesite anapeza

Pakati pa 2013 ndi 2016, akatswiri a Liverpool School of Tropical Medicine pamodzi ndi anzao a ku Malawi anacita kafukufuku wamkulu m'maboma a Chikwawa ndi Karonga. Wotsogolera anali Dr Kevin Mortimer. Ana oposa 10,000 osafika zaka 5 analembedwa. Midzi ina inapatsidwa zitofu zamakono zokhala ndi kocemerera moto koyendera mphamvu ya dzuwa. Midzi ina inapitiriza kuphika pa mafuwa atatu. Atawerenga ana amene anadwala cibayo, anapeza kuti ciwerengero cinali cofanana mbali zonse ziwiri. Phindu limene linaoneka ndi lakuti ana a m'mabanja a zitofu sanali kupsa ndi moto kawirikawiri.

Kafukufuku wina wochedwa HAPIN, wotsogozedwa ndi yunivesite ya Emory ya ku America, unacitika ku Rwanda, India, Peru ndi Guatemala. Amai apakati 3,200 anatengako mbali, ndipo theka la iwo anapatsidwa zitofu za gasi. Utsi umene anali kupuma unacepa kwambiri, koma zotsatira za mu 2024 zinaonetsa kuti cibayo cacikulu pakati pa makanda sicinasiyane kweni-kweni.

Musaganize kuti utsi ulibe mlandu. Zimene tikuphunzira ndi izi: mwana sapuma utsi wa m'khicini wokha. Amapumanso utsi wa zinyalala, wa fodya ndi wa thengo limene latenthedwa. Ndiponso cibayo cimayamba ndi tizilombo, ndipo cimagwira msanga mwana wosadya mokwanira kapena wosalandira katemera. Citofu cokha si mankhwala.

Zoyenera kucita pakhomo

1. Phikirani panja kapena m'khicini yokhala ndi mazenera mbali ziwiri.
2. Gwiritsani nchito nkhuni zouma bwino. Zaziwisi zimafuka kwambiri.
3. Musabereke mwana pokoleza moto. Mpatseni wina amugwire kutali ndi utsi.
4. Yatsirani mbaula panja, ndipo musagone nayo m'nyumba. Ngati a m'nyumba onse amva mutu, cizungulire kapena mseru nthawi imodzi, aturutseni panja msanga ndi kupita nao kucipatala.
5. Musatenthe mapulasitiki kapena zinyalala pakhomo. Mapesi asiyeni m'munda kuti awole.
6. Abambo osuta fodya asutire kutali ndi ana.
7. Pitani ndi mwana ku sikelo. Katemera wa cibayo anayamba kuperekedwa muno m'Zambia mu 2013, ndipo mwana amalandira pa masabata 6, 10 ndi 14.
8. Yamwitsani mwana bere lokha kwa miyezi 6 yoyamba.

Zizindikiro za cibayo

Mwana akamatsokomola, werengani kupuma kwace kwa mphindi imodzi pamene ali cete. Akupuma mofulumira ngati afika ka 60 ali wosakwana miyezi 2, ka 50 ali wa miyezi 2 mpaka 11, kapena ka 40 ali wa caka cimodzi mpaka zaka 5. Ngati pansi pa nthiti pakulowa mkati pokoka mpweya, ngati akukana kuyamwa, akukomoka kapena sakudzuka bwino, thamangirani ku kiliniki tsiku lomwelo. Musadikire kuti kuce kawiri.

Sungani nkhalango, landirani citofu cosawononga nkhuni, pakuti cimacepetsa ulendo wa kunkhuni ndi ngozi ya kupsa. Koma pa misonkhano yokambirana za ndalama za kaboni, amai ndi abambo akumbutsenso za kiliniki, za katemera ndi za makhicini opita mphepo.

Mafunso okambirana

1. Chulani zinthu zitatu zopezeka mu utsi. Ndi citi cimene ogula kaboni amawerengera?
2. N'cifukwa ciani zitofu zamakono sizinacepetse cibayo ku Chikwawa ndi ku Karonga?
3. Kodi ana a pakhomo panu amakhala kuti nthawi yophika?