NTHOMBA YA NG'OMBE: NANGA MBUSA SADWALA BWANJI?

Acikumbi anzathu a ku Chitipa, pamene tikonza minda ya cimanga ndi nazale za fodya, tisaiwale ng'ombe zokoka pulawo ndi ngolo. Iripo nthenda imene iturutsa zotupa zolimba pa khungu lonse la ng'ombe. Inayamba kudziwika m'caka ca 1929 ku Northern Rhodesia, dziko limene lero ndilo Zambia, locita malire ndi boma lathu lino.

Kacirombo kake nkamtundu umodzi ndi ka cikwirikwiti ca nkhuku, ndiponso ka nthomba ya anthu, imene inalengezedwa mu 1980 kuti yatha pa dziko lonse. Koma mbusa agwira ng'ombe yodwala masiku onse osatenga nthendayo. Cifukwa ninji?

Thupi lamangidwa ndi tizipinda tating'onoting'ono, dzina lace maselo. Kacirombo sikangathe kuswana pa kokha. Kayenera kulowa m'selo ndi kuligwiritsa nchito. Selo nalo liri ndi alonda ace, amene aimitsa nchito yonse akamva kuti mwalowa mlendo. Tsono kacirombo aka kali ndi malangizo obadwa nao oposa 150, ochedwa majini. Mwa tizirombo ta nthomba, majini ena nchito yao ndiyo kugonjetsa alondawo, koma aigwira m'nyama zina zokha. Kumene alephera, kacirombo sikaswana.

Umboni wace ulipo. Ku Munich, m'dziko la Germany, akatswiri analera kacirombo ka katemera wa nthomba m'maselo a nkhuku koposa ka 500. Kanataya majini ambiri, ndipo tsopano sikaswananso m'thupi la munthu.

Cotero ife nthenda iyi sitigwira, koma ng'ombe ziri pa ngozi. Zambiri sizifa, koma ziwonda, mkaka ucepa, cikopa cionongeka. Ng'ombe ya pa goli ikagona mvula yoyamba itagwa, tidzabzala mocedwa ndi kukolola pang'ono.

Ofalitsa nthendayi ndiwo udzudzu, nchenche zoluma ndi nkhupakupa, makamaka m'dzinja. Tiyeni tsono ticite izi:

1. Titemeretse ng'ombe caka ndi caka mvula isanayambe.
2. Tizipita nazo ku dibi.
3. Yodwala tiipatule, ndi kuuza Mlangizi wa Ziweto msanga.
4. Tisalowetse m'khola ng'ombe za ku tsidya la malire zopanda cikalata.