Manda a Kamuzu pakati pa mzinda wa Lilongwe

Funso lochokera ku Nchilamwela, Thyolo: Kodi mlendo wopita kukaona manda a Kamuzu amakapezako chiyani?

Yankho: Mandawa ali ku City Centre, pafupi ndi Nyumba ya Malamulo. Dr Hastings Kamuzu Banda adamwalira ku Johannesburg pa 25 Novembala 1997, ndipo chiliza chake chidatsegulidwa mu 2006. Kunja magalimoto amangoti piringupiringu, koma mkati mwa mpanda, pakati pa kapinga ndi maluwa, muli zii. Nsanamira zinayi za chilizachi zimakumbutsa ngodya za ulamuliro wa Kamuzu: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Pamalopa mlendo ayenera kuyankhula motsitsa mawu, monga amachitira pamanda alionse. Anthu a ku Thyolo ali ndi chiliza chawonso: Mpumulo wa Bata ku Ndata, komwe Bingu wa Mutharika adaikidwa mu 2012.